Myuziyamu ya pa foni: musapiteko kukangoyenda, pitani ndi funso

Ku Dallas, m'dziko la America, kuli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ndi za sayansi yotchedwa Perot Museum. Kumeneko mwana amaima pansi pa mafupa a chinyama chachitali ngati maminibasi awiri ataima mondondozana, chakhosi lalitali koma kamutu kakang'ono. Dzina la chinyamacho ndi Malawisaurus. Eee, Malawi wathu yemweyu. Mafupa ake enieni adakumbidwa m'boma la Karonga, m'miyala ya zaka zoposa 100 miliyoni, ndipo a ku Dallas aja ndi ongoumba potengera enieniwo. Ena ongoumba chimodzimodzi adaimikidwa m'myuziyamu ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004.

Tsono taganizani za wophunzira wa Fomu 3 wa ku Nsambe, ku Ligowe kapena ku Chifunga. Karonga ndi m'dziko lake lomwe, koma kuti akafikeko ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi usiku womwe, ya thiransipoti osanena. Ngakhale ku Chichiri mu Blantyre, kumene kuli Museum of Malawi kuyambira mu 1966, si sukulu iliyonse imene ingasonkhe ndalama ya galimoto n'kupitako. Amene amaudziwa msewu wochoka pa boma nthawi ya dzinja sakufunika kufotokozeredwa. Choncho anthu akamati masiku ano myuziyamu zili pa intaneti ndipo ana atha kuphunzira ali pakhomo, kwa ife a ku Neno si nkhani yongocheza nayo. Kwa ambiri a ife khomo lake ndi lomwelo basi.

Ine ndikugwirizana nazo, koma pali pamene ndikuima. Myuziyamu ya pa intaneti ndi yaphindu mukaitenga ngati labotale, osati ngati ulendo wokaona malo. Muzipitako ndi funso limodzi, muyang'ane chinthu chimodzi mpaka chikuyankheni, mukatero muzimitse data. Wolowamo wopanda funso amatuluka bandulo itatha, m'mutu mulibe chatsala.

Chimene chimadya bandulo pachabe

Myuziyamu zambiri zikuluzikulu zidajambula zipinda zawo mozungulira mbali zonse, kuti munthu azidina timivi pa sikirini n'kumayenda kuchoka chipinda china kulowa china. Google Arts & Culture, imene idayamba mu 2011, ili ndi maulendo otere ambirimbiri. Mphindi zisanu zoyamba zimakoma ndithu. Koma zithunzi zozungulirazi ndi zolemera, zimadya data kuwirikiza kambirimbiri kuposa tsamba la mawu ndi chithunzi chimodzi. Netiweki ikangogwedezeka pang'ono, monga imachitira kumapiri kwathu kuno, mumangoona khoma losaoneka bwino likuzungulira. Ndipo ngakhale zitayenda bwino, mwaona zinthu 200, timapepala tofotokoza zinthuzo simunathe kuwerenga, mawa wina akakufunsani mungoti "kunali kokongola". Amenewo si maphunziro, ndi kuonera.

Mtima wa myuziyamu suli m'zipinda zoonetseramo. Uli kuseri, m'nkhokwe ndi m'kaundula. British Museum ya ku London ili ndi zinthu pafupifupi 8 miliyoni, koma zimene mlendo amaziona m'magalasi ndi chimodzi chokha pa 100 zilizonse. Zotsalazo zili m'makabati. Chimene intaneti yachita chachikulu n'chakuti yatsegula kaundula wa makabati amenewo. Si zonse zimene zidaikidwa kale pa intaneti, koma chilichonse chimene chidaikidwapo chili ndi tsamba lake: dzina lake, kumene chidapezeka, chaka, chimene adapangira, kutalika ndi kulemera kwake, ndi mmene chidafikira kumeneko. Tsamba lotere ndi lopepuka, limatseguka ngakhale pa foni ya amalume yosweka galasi ija, ndipo mukalijambula pa sikirini mutha kuliwerenga mawa ndi mkuja popanda data. A Smithsonian a ku Washington nawo mu February 2020 adamasula zithunzi 2.8 miliyoni kuti aliyense azigwiritsa ntchito mwaulere. Palibe amene angazione zonse. N'chifukwa chake funso lanu ndi limene liyenera kutsogola.

Tiyeni tiyese ndi chigaza cha ku Kabwe

Mu 1921, anthu okumba mtovu ndi zinki pa mgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe ku Zambia, adapeza chigaza cha munthu wakalekale. Chidatengedwa kupita ku London, ndipo mpaka lero chili ku Natural History Museum. Dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo. Koma pa tsamba la a Smithsonian lonena za chiyambi cha anthu pali chifanizo chake chimene mutha kuchitembenuza ndi chala: kutsogolo, m'mbali, pansi.

Funso lathu likhale lakuti: kodi munthu ameneyu ankasiyana bwanji ndi ine?

Yambani n'kugwira pamphumi panu, pomwe pali nsidze. Pali kafupa kotumphuka pang'ono chabe, ndipo mphumi yanu imakwera choongoka. Tsopano yang'anani cha ku Kabwe cham'mbali. Pamwamba pa maso pali fupa lochindikala lotulukira kutsogolo ngati khonde la nyumba, ndipo mphumi siikwera, imathawira kumbuyo. Chigazacho ndi chachitali cham'mbuyo, cha inu ndi chobulungira. Komabe malo a ubongo si ochepa kwenikweni poyerekeza ndi athu. Mwaona kale zinthu zitatu ndi maso anu, palibe amene wakulemberani pa bolodi.

Kenako chitembenuzeni muone mano. Ambiri mwa mano a m'mwamba ndi obooka, owola. Izi n'zachilendo pakati pa mafupa a anthu akale chonchi, ndipo funso latsopano labadwa lokha: shuga wa ku Nchalo kunalibe, masiwiti kunalibe, nanga mano ankawola ndi chiyani? Uchi? Zipatso zotsekemera? Kapena mtovu wa m'nthaka ya kumeneko? Akatswiri akukambiranabe. Inunso mukhoza kulowa nawo m'bwalo, poti mu Bayoloje mudaphunzira kuti tizilombo ta m'kamwa timadya shuga wotsalira n'kutulutsa asidi amene amasungunula dzino.

Pali chinanso chimene ndimachikonda pa chigaza chimenechi. Kwa zaka zambiri anthu ankati ndi cha zaka pafupifupi 500,000. Mu 2020 akatswiri adachiyezanso ndi njira zatsopano n'kupeza kuti ndi cha zaka pafupifupi 300,000. Kusiyana kumeneku si kwamasewera. Nthawi imeneyo ku Morocco kunali kale anthu ofanana kwambiri ndi ife, amene mafupa awo adapezeka pa Jebel Irhoud, ndipo ku South Africa kunali mtundu wina waubongo waung'ono wotchedwa Homo naledi. Ndiye kuti mu Africa munkakhala mitundu ingapo ya anthu pa nthawi imodzi. Chithunzi chija mumachiona m'mabuku, cha nyani akuyenda pamzere n'kumaongoka mpaka kusanduka munthu wonyamula mkondo, chimasocheretsa. Nkhaniyi ikufanana ndi mtengo wanthambi zambiri, zina zidauma, imodzi ndi ife. Nthambi ina yakale kwambiri idapezeka kwathu konkuno: nsagwada ya pa Uraha ku Karonga, imene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza mu 1991, ya zaka zoposa 2 miliyoni.

Zonsezi zachokera pa chinthu chimodzi. Data yake sikufika ya kanema mmodzi wa nyimbo.

Pomwe sikirini imaposa galasi

Ena amati za pa intaneti ndi zolowa m'malo chabe, zenizeni ndi kupita. Pang'ono akunena zoona, ndipo tifikako. Koma pali zina zimene wopita ku London sangachite, inu muli pa Luwani n'kuchita. Iye chigaza sangachigwire, sangachitembenuze kuti aone mano. Inu mwachitembenuza.

Kodi fupa limalowa bwanji m'foni mpaka kumatembenuka? Tambasulani dzanja, imikani chala chachikulu, tsinzinani diso limodzi, kenako linalo. Chala chikuoneka ngati chikudumpha, eti? Diso lililonse likuchiona kuchokera pa malo ake, ndipo ubongo umagwiritsa ntchito kusiyanako podziwa kuti chala chili patali bwanji. Kompyuta imachita zomwezo, kungoti m'malo mwa maso awiri imapatsidwa zithunzi mazana, zojambulidwa mozungulira fupa lonse. Imafunafuna kadontho kamodzi, mwina kamng'alu, m'zithunzi zingapo. Ikakapeza imajambula makona atatu pakati pa kadonthoko ndi malo awiri pamene kamera idaima, n'kuwerengera mtunda. Ndi masamu a sine ndi cosine omwe aja mumadandaula nawo kuti adzakuthandizani chiyani. Ikachita zimenezi pa timadontho mamiliyoni, fupa lonse laumbika. Ku Kenya, Louise Leakey ndi anzake adaika mafupa ambiri a ku nyanja ya Turkana pa tsamba lotchedwa African Fossils, kuti mwana aliyense aziwatembenuza yekha.

Njira ina imalowa mpaka m'kati mwa fupa. Ndi makina a CT, omwe aja amaunikira odwala m'zipatala zikuluzikulu. Amaombera X-ray mozungulira, kompyuta n'kupanga zithunzi zopyapyala zambirimbiri ngati mukudula chinangwa, koma osadula kanthu. Mu 2019 gulu la akatswiri lidafalitsa zimene lidapeza litaunika chonchi fupa lokuta ubongo wa Malawisaurus. Ubongowo udawola zaka 100 miliyoni zapitazo, koma mphako imene udakhalamo idasunga maonekedwe ake, monga chikombole chimakuuzani mmene njerwa inalili ngakhale njerwayo palibe. Adaonanso khutu la m'kati. M'khutu lanu la m'kati muli timachubu titatu topindika, todzaza timadzi, timene timauza ubongo kumene mutu wapendekera. Mukazungulira kwambiri n'kuima mwadzidzidzi mumamva chizungulire chifukwa timadzito tikuyendabe pomwe inu mwaima. Chinyama chija chinali ndi timachubu tomwetu, ndipo maonekedwe ake amathandiza akatswiri kuganizira mmene chinkanyamulira mutu. Zimenezi simungazione mutaima pansi pa mafupa ku Karonga kapena ku Dallas. Zili m'magazini ya sayansi ya PLOS ONE, imene imawerengedwa mwaulere. Chingerezi chake ndi cholimba, koma zithunzi zake zokha ndi phunziro.

Mukalipeza pepalalo, yang'anani maina a olemba. Pali Dr Elizabeth Gomani Chindebvu, mayi wa ku Malawi. Anali mmodzi mwa anthu anayi amene adapereka dzina la Malawisaurus mu 1993, ndipo mu 2005 adatcha dzina chinyama china cha mtundu womwewo, Karongasaurus. Atsikana amene mumauzidwa kuti sayansi ndi ya anyamata, dzina limeneli mulisunge.

Pomwe sikirini imanama

Imanama pa kukula. Pa foni, nyerere ndi njovu zonse zimakwana m'dzanja. Mu January 1981 m'boma la Machinga mudagwa mwala wochokera kumwamba wolemera makilogalamu pafupifupi 93, ndiye kuti ngati matumba awiri a chimanga kuchotsapo pang'ono. Mwalawo umasungidwa ku Chichiri. Pa chithunzi ungaoneke ngati mwala wamba wa mu mtsinje wa Lisungwi. Koma kuima pafupi nawo, n'kudziwa kuti chinthu ichi chidayenda m'mlengalenga zaka mabiliyoni chisanagwe m'munda wa munthu, thupi limachita tsembwe, ndipo tsembwelo silidutsa pa netiweki. Choncho mwayi wopita ku Chichiri ukapezeka, kaya ndi sukulu, kaya mwapita kwa achibale ku Ndirande, musauphonye poti "tidaona kale pa foni". Panja pake pali injini ya sitima yoyendera nthunzi ndi magalimoto akale, zinthu zoti uzizungulire ndi miyendo.

Mankhwala a bodza la kukulali alipo, ndipo ndi aulere. Nthawi zonse funafunani miyezo pa tsamba la chinthucho, kenako muitulutse m'foni. Akati fupa ndi lotalika masentimita 90, tengani rula mulembe pansi. Akati chinyama chinali mamita 10, tengani chingwe mupite pa bwalo la mpira, wina aime kumutu, wina kumchira. Mng'ono wanu wa Sitandade 4 sadzaiwala.

Bodza lachiwiri ndi lobisika, ndipo ndi limene likundikhudza kwambiri. Mawu ofotokoza chinthu adalembedwa ndi munthu, ndipo munthuyo nthawi zambiri anali mlendo. Zinthu zambiri za kuno zidapita ku Britain m'nthawi ya atsamunda, zonyamulidwa ndi amishoni, asilikali ndi abwanamkubwa. Zina zili ku British Museum, zina ku Pitt Rivers Museum ku Oxford, zina ku National Museums Scotland ku Edinburgh, poti amishoni a Livingstonia ndi a Blantyre, amene adafika mu 1875 ndi 1876, anali a ku Scotland. Mukafuna kuzipeza musangolemba "Malawi". Lembaninso "Nyasaland" ndi "British Central Africa", maina akale a dziko lino, ndiponso "Angoni", "Manganja" ndi "Yao", monga ankalembera iwowo. Mudzaona mikondo, zishango, mikanda, zipangizo zoimbira, makasu, madengu.

Apa m'pamene banja lonse limalowa. Mukapeza chithunzi cha chinthu cholukidwa, mawu a pansi pake akhoza kungonena m'Chingerezi kuti ndi dengu, basi. Pitani nacho kwa agogo. Iwo akayang'ana kamodzi adzakuuzani ngati ndi lichero, nsengwa, mtanga kapena dengu lenileni, adzakuuzani ngati adalukira nsungwi kapena mlaza, ankachigwira ndani, ndipo mwina akuuzani kuti adalemba molakwa. Pa nthawi imeneyo katswiri ndi agogo, myuziyamu ya ku Oxford ndiyo ikuphunzira. Ine sindiona njira ina yabwino yogwiritsira ntchito foni m'banja kuposa imeneyi: mdzukulu akudziwa kudina, agogo akudziwa chinthucho, amayi akukumbukira kuti kwa azakhali kudali chotere. Makolo amene amati foni ikuononga ana ali ndi zifukwa zawo, si onse akulakwa. Koma ayeseko madzulo amodzi otere.

Chenjezo limodzi. Si zonse zimene zili pa intaneti zidayenera kukhalapo. British Museum, mogwirizana ndi bungwe la Trust for African Rock Art, idaika pa intaneti zithunzi za zojambula za m'mapanga a mu Africa, ndipo za ku Chongoni m'boma la Dedza zilipo. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula zotere, ndipo UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, za alenje amene makolo athu ankawatcha Akafula kapena Abatwa. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zambiri zikukhudzana ndi chinamwali ndi Nyau. Kuyang'ana n'kufunsa kuti utoto adaupanga ndi chiyani, ndipo wakhala bwanji zaka zonsezi osafufutika, ndi sayansi yabwino. Koma agogo akakuuzani kuti "ichi sitikamba pagulu", musawakakamize poti Azungu adachiika kale poyera. Kuti chinthu chidajambulidwa sindiye kuti eni ake adavomera.

Nanga zathu zili kuti?

Apa ndiye pali dandaulo langa. Wophunzira wa ku Neno atha kutembenuza chigaza cha ku Kenya pa foni mosavuta, koma kuti apeze kaundula wa zinthu za ku Chichiri, za ku Lake Malawi Museum ku Mangochi kapena za ku Mzuzu, chilichonse ndi chithunzi chake ndi miyezo yake, athetsa bandulo akufunafuna. Zimene zimatuluka kawirikawiri ndi zithunzi za alendo odzaona malo, zojambulidwa mothamanga. Zotsatira zake n'zakuti mwana amakula akuganiza kuti zinthu zakale zochititsa chidwi zili ku Egypt ndi ku Roma kokha. Sadziwa kuti pa Mankhamba, likulu lakale la Amaravi pafupi ndi Mtakataka, Dr Yusuf Juwayeyi adafukula mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni woti makolo athu ankachita malonda ndi maiko akutali zaka mazana angapo zapitazo.

Wina anena kuti myuziyamu zathu zilibe ndalama, ndipo n'zoona. Winanso anena kuti tikaika zonse pa intaneti anthu asiya kubwera kudzalipira pakhomo. Izi sindikuzivomera. Mwana wa ku Dambe sanali kubwera kale. Palibe tikiti imene yatayika. Ndipo munthu amafuna kukaona chimene wachimva kale mbiri yake. Amene wawerenga za mwala wa ku Machinga ndi amene adzatsike minibasi pa Chichiri tsiku lina.

Palinso chifukwa choopsa. Usiku wa pa 2 September 2018, myuziyamu yaikulu ya dziko la Brazil mu mzinda wa Rio de Janeiro idapsa. Munali zinthu pafupifupi 20 miliyoni, ndipo zambiri zidasanduka phulusa, kuphatikizapo mawu ojambulidwa a zilankhulo za eni nthaka. Chimwala chochokera kumwamba chotchedwa Bendegó, cholemera matani oposa 5, chidapulumuka poti ndi chachitsulo, koma mapepala, nsalu ndi tizilombo touma sizikanatha. Moto utazima, anthu adayamba kupempha aliyense amene adajambulapo chithunzi m'nyumbamo kuti atumize. Pa zinthu zina, chithunzi cha pa foni ya mlendo ndicho chidatsala. Kwathu kuno moto ulipo, chiswe chilipo, denga lodontha liliponso.

Sindikupempha zinthu zozungulira zodula zija. Ndikupempha nthambi ya boma yoona za myuziyamu ndi zipilala kuti iyambe ndi zinthu 100 zokha: chithunzi chimodzi choyera, rula pambali, mawu ochepa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, pa tsamba lopepuka loti litseguke ndi netiweki ya kumudzi. Makampani a foni nawo akhoza kulola kuti tsamba lotere lizitseguka osadula data. Ntchito yake ndi ya kamera imodzi, tebulo ndi munthu wodekha.

Ku Neno kulibe myuziyamu, koma zinthu zake zilipo

Boma lathu ndi laling'ono msinkhu, lidapatuka ku Mwanza mu 2003, koma nthaka yake si yatsopano. Pa Matope padali doko. Chifukwa cha mathithi a mu Shire, sitima zapamadzi zochokera kunyanja ya mchere zinkathera kumunsi, katundu n'kusenzedwa pamutu kudzera ku Blantyre mpaka pa Matope, pomwe ankakwezedwanso m'sitima zopita ku nyanja ya Malawi. Mathithi omwewo amene ankatsekereza sitima ndiwo lero akutipatsa magetsi pa Nkula, pomwe makina oyamba adayamba kugwira ntchito mu 1966, ndi pa Tedzani. Madzi akugwa, mphamvu yake ikutembenuza makina: mutu wa Fizikisi uli pakhomo pathu. Ndipo m'nyumba za agogo muli mphero, mitondo, mbiya, misampha, makasu osula pamanja, nyale za koloboyi, zinthu zimene zikutha mwakachetechete chigayo ndi pulasitiki zitabwera.

Mukazolowera kuwerenga masamba a kaundula a ku London, mwaphunzira kale kulemba anu. Kalabu ya sayansi kapena ya Histole pa sukulu panu itha kuyamba ndi foni imodzi ya aphunzitsi ndi kope limodzi. Pemphani chilolezo kwa mwini chinthu, ndipo chinthucho chisachoke pakhomo pake. Chijambuleni panja, pamthunzi, pa nsalu ya mtundu umodzi, rula ili pambali. Lembani dzina lake monga akulitchulira mwini wakeyo, osati monga mukuganizira inu. Lembani mudzi, mtengo kapena dothi limene adapangira, amene adapanga ngati akudziwika, ndi ntchito yake. Pa mphero, yezani kuya kwa pamene padakumbika ndi kupera, mufunse kuti yaperedwapo mibadwo ingati. Mukagawa mupeza kuti mwala umatha mamilimita angati pa m'badwo umodzi. Funso lotere ku London sangaliyankhe.

Koma mukapeza mapale a mbiya zakale, mikanda kapena mafupa m'chigwembe chokumbidwa ndi madzi, kapena m'phanga kumapiri a Kirk Range, musakumbe ndipo musatole. Malamulo a dziko lino amateteza zinthu zotere, ndipo sayansi ili ndi chifukwa chake. Dothi limaunjikana m'mizere, wapansi ndi wakale kuposa wapamwamba, ndipo kakala kamene kagona pafupi ndi phale ndi kamene akatswiri amakayeza kuti adziwe zaka zake. Phale likangochoka pamzere wake, zaka zake zatayika ndipo palibe makina amene angazibweze. Jambulani pomwe liliri, rula pambali, lembani tsiku ndi malo, muuze aphunzitsi ndi amfumu kuti uthenga ukafike ku ofesi ya DC ndi kwa a myuziyamu.